Wogulitsa zipatso wa ku Sidi Bouzid

Aphunzitsi atatipatsa asayimenti ya zipani zandale za Chisilamu, ndinkaganiza kuti mwezi wonse ndiuthera pa nkhani za chipembedzo. Masabata atatu apita tsopano, ndipo zimene ndakhala ndikuwerenga ndi mtengo wa buledi, ulova wa achinyamata, ndi funso lakuti mkwiyo wa anthu osauka umakathera m'manja mwa yani.

Nkhani ya Mohamed Bouazizi ndiyo yandikhudza kwambiri. Anali mnyamata wogulitsa zipatso ku Sidi Bouzid, chigawo chosauka cha m'kati mwa Tunisia, kutali ndi matauni olemera a m'mphepete mwa nyanja. Pa 17 December 2010 anadziyatsa moto atalandidwa katundu wake. Zionetsero zinabuka m'dziko lonse, ndipo pa 14 January 2011 pulezidenti Ben Ali anathawa m'dzikolo atalamulira zaka 23. Ndikamadutsa pa depoti ku Old Town n'kuona amayi akuthamanga ndi beseni la tomato pamutu kuopa kulandidwa, mnyamatayu amandibwerera m'maganizo.

Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti amene anayambitsa zionetserozo sanali a chipani cha Chisilamu cha Ennahda. Anali achinyamata osowa ntchito, maloya ndi a bungwe la ogwira ntchito la UGTT. Koma pachisankho cha October 2011, Ennahda ndi imene inatenga mipando 89 mwa 217. Ku Egypt zinayendanso chimodzimodzi: Mohamed Morsi wa gulu la Chisilamu la Muslim Brotherhood anapambana upulezidenti mu 2012. Gululi linayamba kale mu 1928, ndipo linali ndi anthu ake m'mizikiti, m'masukulu, m'zipatala zazing'ono ndi m'mabungwe a madokotala ndi mainjiniya. Achinyamata amene ankachita zionetsero pa bwalo la Tahrir ku Cairo anali ndi mawu, koma analibe wowayendera khomo ndi khomo kukopa mavoti.

Apa mpamene ndinaima nthawi yaitali. Ndinkaganiza kuti zipanizi zimapambana chifukwa zimadyetsa osauka. Kafukufuku wa Janine Clark ku Egypt, Jordan ndi Yemen anaonetsa kuti mabungwe achifundo a Chisilamu amalumikiza makamaka anthu apakatikati, ophunzira ndithu koma otsekeredwa kunja kwa mpanda wa olamulira. Wosaukitsitsa nthawi zambiri amangolandira zotsala. Zinandipweteka, chifukwa ndazionapo kwathu kuno, m'matchalitchi ndi m'mizikiti momwe.

Ndipo ovota sasunga chipani chifukwa cha dzina la Mulungu lokha. Ku Morocco, chipani cha Chisilamu cha PJD chinali ndi mipando 125 mu 2016, koma mu 2021 chinatsala ndi 13 yokha.

Mnzanga wina wa m'gulu lathu lowerengera, Msilamu wa ku Mangochi, anandikumbutsa kuti Bakili Muluzi anapambana mu 1994 m'dziko lomwe Akhristu ndi ochuluka, ndipo UDF sinali chipani cha chipembedzo. Ananena zoona, ndipo ndasintha ndime yonse chifukwa cha iye.

Gawo lomaliza ndikufuna kulemba za 20 July 2011, tsiku lomwe ifenso tinatuluka m'misewu chifukwa cha kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja, anthu pafupifupi 20 n'kufa m'dziko muno. Ine ndinali mwana nthawiyo. Malume ankagulitsa kaunjika mumsika wa Lilongwe, ndipo Loweruka ndikupita ku Kawale kukawafunsa kuti amene anawauza kuti atuluke tsiku limenelo anali ndani.