Sabata imene tinafika pa chaka cha 732

Lolemba ndinalowa m'kalasi ndi mapu ojambula ndekha pa katoni, poti a pasukulu anadyedwa ndi chiswe. Ndinaloza Gibraltar, pomwe Tariq ibn Ziyad, mtsogoleri wa asilikali achisilamu, anawolokera ku Spain kuchokera ku Africa ndi asilikali ake mu 711, kenako mapiri a Pyrenees, kenako Poitiers ndi Tours m'dziko lomwe lero ndi France, komwe Afulanki ndi asilikali achisilamu ochokera ku Spain anamenyana nkhondo mu 732. Ndisanamalize kulemba 732 pa bolodi, mnyamata wina kumbuyo anati, "Sala, ndiye pamene Akhristu anathibula Asilamu?" M'kalasi mwanga ana a kutchalitchi ndi a kumzikiti amakhala desiki imodzi. Mtsikana wina wovala mpango anangogwetsa nkhope, ndipo zimenezo zinandivutitsa mpaka kunyumba.

Lachiwiri ndinayamba ndi Odo, mfumu yachikhristu ya dera la Aquitaine, kumwera chakumadzulo kwa France. Iyeyu anagonjetsa Asilamu ku Toulouse mu 721, koma pambuyo pake anapereka mwana wake wamkazi kwa Munuza, mtsogoleri wachisilamu wa mtundu wa Berber, kuti akhale pa ubale. Amaopa yani? Charles, mtsogoleri wa Afulanki, Mkhristu mnzake. Abd al-Rahman al-Ghafiqi, bwanamkubwa wa Asilamu ku Spain, atapha Munuza, Msilamu mnzake, n'kuphwasula asilikali a Odo kufupi ndi Bordeaux, m'pamene Odo anathamangira kwa mdani wake uja, Charles, kukapempha thandizo. Ana anangoti kukamwa yasa. Ine ndimakhulupirira kuti amene wadumpha Odo sanaphunzitse nkhondoyi.

Lachitatu mvula inabuma pa malata, sitinamvane.

Lachinayi tinatuluka panja. Theka la kalasi linaima mothithikana, phewa ndi phewa, ngati Afulanki oyenda pansi aja amene mlembi wina wa ku Spain wa nthawi imeneyo anawayerekeza ndi khoma la madzi oundana. Enawo anali apakavalo, kuthamanga n'kubwerera. Ndinawasakaniza dala, mnyamata uja ndinamuika mbali ya al-Ghafiqi. Ndinawauza kuti al-Ghafiqi anafera pomwepo mu Okutobala 732, ndipo kutacha Afulanki anandanda kuti amenyenso, koma anapeza matenti ali mbee, eni ake atachoka usiku. Dzina loti Martel, kutanthauza nyundo, Charles anapatsidwa pambuyo pake.

Lachisanu ndinawasonyeza kuti nkhani siinathere apo. Mzinda wa Narbonne, kumwera kwa France, unakhalabe m'manja mwa Asilamu mpaka 759, pamene Pepin, mwana wa Charles, anaulanda. Ndipo mu 737 Charles yemweyo anawononga Nîmes ndi Béziers, mizinda imene munkakhala Akhristu ambiri.

Belu litalira, mtsikana uja anatsalira. "Aphunzitsi, nanga mwana wa Odo uja zinamuthera bwanji?" Ndinamuuza kuti mabuku akale amati mwamuna wake ataphedwa, iye anatengedwa n'kutumizidwa kwa khalifa, wolamulira wamkulu wa Asilamu, ku Damascus. Analemba zimenezo m'kope mwake, n'kupempha kubwereka katoni ija mpaka Lolemba.