Zikomo alamu, timuyi ndi yanu

Ligi yathu ya Fantasy draft ya mpira wa ku England yatha ndipo ndawina, koma ndisanayambe matama m'gulu lathu lija ndiyambe ndathokoza, chifukwa timu yawinayi sindinasankhe ndine. Ndikulemba usiku uno wa pa 25 May 2025 maso akulemera. Bambo agona kuchipinda uko, ndipo nsima yamadzulo ano adya okha ndi dzanja lamanja. Amene munali nafe chiyambire August mukudziwa kuti dzanja limenelo tachoka nalo kutali. Mulungu alemekezeke.

Draft yathu inali Lachitatu, kutatsala masiku awiri kuti Manchester United itsegule ligi ndi Fulham pa 16 August 2024. Bambo anali atagonekedwa masiku anayi, mbali yakumanja yonse itafa, pakamwa patapotoka. Ine ndinali gadiyani, kugona pa katoni pansi pa bedi. Soketi yochajira foni inali imodzi m'khonde monse, timaima pamzere ngati kuchigayo. Madzulo alamu anga anafika ndi fulasiki ya phala, atawamwetsa bambo anandikokera panja nkuti, “Kodi draft ija si lero?” Ndinati zisiyeni, makina asankhe okha, mutu wanga suli kumeneko. Iwo anakana. Anati munthu sakhala chaka chathunthu akuyang'ana dripi yokha. Ndinawalembera pasiwedi kuseri kwa lisiti la mankhwala, pansi pake mayina amene ndimafuna, ndi lamulo limodzi lomwe ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu: WA LIVERPOOL AYI.

Kwa inu osasewera, Fantasy ndi masewero osankha osewera enieni nkumapeza mapointi malinga ndi mmene asewerera, ndipo draft ndi yosiyana ndi Fantasy wamba uja. Kulibe bajeti, kulibe kaputeni, ndipo wosewera akatengedwa ndi mnzako ndiye kuti wapita, simungakhale naye awiri. Tinalipo anthu 8, aliyense kusankha osewera 15 mosinthana, ndipo mzere umapita nkubwerera, woyamba ulendo uno amakhala womaliza ulendo winawo. Ine ndinagwera nambala 2. Aliyense anali ndi masekondi 90 basi.

Woyamba anatenga Haaland, palibe anadabwa. Papepala langa pamwamba panali Saka. Alamu anatenga Salah wa Liverpool.

Nditayatsa foni cha m'ma 11 koloko usiku nkuona dzina limenelo, ndinapsa mtima ndithu, ndipo uthenga umene ndinawatumizira ndikuupepesa pano pagulu. Ndinawanena kuti asankha ndi mtima wa usapota. Munthuyo zaka 32, kochi Klopp wachoka, wolowa m'malo mwake Arne Slot sitikumudziwa, kontrakiti yatsala chaka chimodzi. Pofika kumapeto kwa September Haaland anali atamwetsa zigoli 10 m'magemu asanu oyambirira, ndipo mwini wake ankatumiza timasitika toseka m'gulu m'mawa uliwonse. Lero taonani. Salah wamaliza ndi zigoli 29, mipira yomwetsera anzake 18, mapointi 344, kuphwanya rekodi yake yomwe ya 303 ya 2017/18. Ndi madzulo anonso wamwetsa chofananitsa ndi Crystal Palace kutatsala mphindi zochepa. Saka wangayo anavulala pa 21 December nkukhala panja mpaka April. Ndikanakhala pati ine?

Tsono muone zanga, zimene alamu anamvera pepala. Pa nambala 15 ananditengera Toney, pa 18 Nkunku. Toney sanasewere ngakhale mphindi imodzi, gemu yoyamba ya Brentford sanamuike ndi pa benchi pomwe, mwezi usanathe anali ku Al-Ahli ku Saudi Arabia. Nkunku ndinamusunga mpaka Khirisimasi ngati mbuzi ya chikole, wamaliza ndi zigoli zitatu. Zirkzee yekha ndiye anandinamiza bwino. Usiku woyamba uja atamwetsa chakumapeto ndi Fulham ndinakuwa m'wodi, anamwino nkundidzudzula, ine nkutumiza uthenga kwa alamu kuti mwaona, mpira ndimaudziwa. Nayenso zigoli zitatu chaka chonse, ndipo United yanga yathera pa nambala 15. Za United tisiye, tulo tingandithawe.

Chimene chimandikhudza ndi cha Mbeumo. Anamutenga pa nambala 31, dzina lake papepala panalibe. Patapita miyezi, tili pamzere wa mafuta mu November muja, ndinawafunsa kuti anaganiza chiyani. Anati, “Toney amachoka, zimaonekeratu, ndiye mapenate a Brentford amatsalira Mbeumo.” Ndinati nanga ngati mumadziwa, Toney munanditengeranji? Anaseka nkuti, “Ndinali nditakulandani kale Saka. Munthu amene bambo ake ali pa bedi sumulanda ziwiri usiku umodzi.” Ndinayang'ana kumbali, ndisaname. Mbeumo wamaliza ndi zigoli 20, chomaliza wamwetsa lero lomwe ku Wolves.

Nanga Chris Wood? Ulendo wachisanu ndi chinayi, anthu atatopa, ena atayamba kusankha akusinza. Mkulu wa ku New Zealand wa zaka 32, timu yake Nottingham Forest itapulumuka pa nambala 17 chaka chathacho. Gulu lonse linaseka, wina anafunsa ngati tikutsegula malo osungira okalamba. Kumapeto kwenikweni alamu anawonjezera goloboyi wa Forest yemweyo, Matz Sels, amene aliyense anamudutsa. Pa 14 September Forest inakawina 1-0 ku Anfield, kwawo kwa Liverpool, Salah osachita kanthu, koma Sels nkundibwezera mapointi osagoletsetsa aja, alamu akulira timu yawo kwinaku akundiyamikira ine. Wood zigoli 20. Sels magemu 13 osalowetsa chigoli, kugawana mphoto ya magoloboyi ndi Raya wa Arsenal.

Tsiku limene sindidzaiwala ndi 1 February. Forest inaswa Brighton 7-0, Wood atatu yekha. Ine gemuyo sindinaonere. Ndinali nditagwira lamba wa bambo kumbuyo, alamu ali kutsogolo atatambasula manja ngati akuphunzitsa mwana, bambo nkuyenda ndi ndodo kuchoka pa bedi kukafika pa chitseko. Masitepe asanu ndi limodzi, ndinawerenga. Foni ikunjenjemera m'thumba osaleka, ine kuganiza kuti ndi maliro kwinakwake. Nditaitulutsa ndi Wood. Tinakhala pansi pa simenti tonse awiri tikuseka ngati amisala, bambo akutiyang'ana osamvetsa.

Alamu, ndikudziwa tsopano kuti foni yanu ya Lachisanu lililonse ija, “Mwaika timu? Waiver mwaponya?”, simumafunsa za timu. Mumafuna kumva mawu anga ngati ndidakali munthu. Masabata ena ndimangoti hmm, inu nkulowa nokha kuchotsa ovulala pa mzere. Kluivert munamutola ndinu pa waiver, potolera osewera amene alibe mwini, sabata yomwe anamwetsa mapenate atatu ku Wolves ine ndisakudziwa nkomwe kuti ali m'timu mwanga. Galimoto yanu yanyamula bambo kupita ku mafizo kawiri pa sabata kwa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo nthawi ya vuto la mafuta munagona pa filing'i siteshoni usiku uwiri kuti tisaphonye tsiku. Simunandiuzepo, ndinamva kwa achemwali. Ambuye amene amaona zam'seri akubwezereni poyera, inu ndi ana anu, ndipo matenda ngati awa asadzagogode pakhomo panu.

Achemwali anga, zikomo pondibwereka amuna anu chaka chonse, ndi phala lija losasowa chiponde. Amayi a chigwirizano amene munkabwera Lachinayi ndi nyimbo ndi sopo, zikomo. Anamwino a usiku, kuphatikizapo amene munandidzudzula aja, munalondola. Ndi agogo a bedi loyandikana nafe amene ankandisungira malo pa soketi, sindinatenge nambala yawo, ngati wina akuwadziwa awapatse moni.

Enanu ndakuonani. Chipatala chinali kutali, mafuta kunalibe, ntchito inachuluka, ndamva zonsezo. Koma bandulo yonditumizira trade, pempho losinthana osewera, 2 koloko usiku, kuti ndikupatseni Salah inu mundipatse otchinga kumbuyo awiri, inalipo. Wina anachita kulemba kuti poti muli busy ndi odwala timuyo ingokuvutani. Ngakhale kufunsa kuti madala adzuka bwanji, ayi. Sinditchula dzina, mwathera pa nambala 7, chilango chakwana.

Ndikayang'ananso mndandanda wa usiku uja, pa osewera 15 amene anasankhidwa, asanu ndi mmodzi okha ndi amene afika nane lero, ndipo mwa amene ndinalemba ine papepala watsala Gvardiol yekha. Lisiti lija alamu analisunga, andionetsa madzulo ano, WA LIVERPOOL AYI akuonekabe bwinobwino pamwamba pa mtengo wa mankhwala a BP. Akuti aliika mu fulemu.

Ndalama ya mphoto, K80,000 yathu ija, ndawauza kuti tigawane pakati, akana. Ndawauza kuti atenge yonse, akana. Ndiye ma admin musanditumizire ine, tumizani kwa achemwali, iwo adziwa mmene angathirire mafuta m'galimoto muja mwini wake osaona. Ndipo August akubwerayu tikhala anthu 9, alamu akhala ndi timu yawoyawo, ndavomera kale m'malo mwanu nonse. Ndikungopempha kuti mzere ukadzagwa ndidzakhale patsogolo pawo.

Alamu, mawa mafizo ndi 8 koloko. Bambo akuti mubwere ndi wailesi ija, akufuna kumva okha ngati United yathadi pa nambala 15.