Mapazi a Walker

Lachitatu usiku, Huddersfield, kumpoto kwa England.

Mapazi ndawaviika m'beseni la madzi ofunda, koma nkhani ya agogo aja sikundichoka m'mutu.

Ndi mmodzi wa okalamba amene ndimawasamalira. Anayamba ntchito kufakitale ya nsalu za ubweya wa nkhosa ali kamnyamata, ndipo masiku ano salankhulalankhula. Ndiye masanawa anaona paketi ya makirisipi a Walkers itasuzumira m'thumba la yunifolomu yanga, n'kuiloza. "Mwanawe, ukudziwa kuti Walker ndi ndani?" Ine mosachedwa ndinati ndi munthu woyenda, poti Chingerezi cha kusukulu chimatero. Anapukusa mutu, n'kundiuza kuti ndikoke mpando.

Akuti kalekale nsalu ikachoka kwa woluka inkakhala yamafuta ndi yolekanalekana. Ankaiika m'chibeseni chachikulu, kuthiramo madzi, dongo lapadera ndi mkodzo wokhalitsa, munthu n'kulowamo osavala nsapato, kuipondaponda mpaka iyere ndi kulimba. Wopondayo ndiye Walker, kuchokera ku liwu lakale loti wealcere. Pofotokoza, agogowo mapazi awo ankagwedera okha pansi pa bulangeti, kumanzere, kumanja. Ine ndinangoona amalume akuponda dothi la njerwa kudambo, matope mpaka m'mawondo, thukuta lili kamukamu.

Chinandidabwitsa n'chakuti ntchito imodzi yomweyo inabala maina atatu. Kumpoto kuno ndi ku Scotland ankati Walker, kummwera ndi kummawa ankati Fuller, kummwera chakumadzulo, cha ku Devon ndi Somerset, ankati Tucker. Ukamva dzina ungathe kulota kumene makolo a munthu ankakhala. Maina otengera kubanjawa anayamba kufala Anormani, anthu ochokera kumpoto kwa France, atalanda England mu 1066, kuyambira kwa eni minda, ndipo pofika cha m'ma 1400 mabanja ambiri anali nawo. M'mabuku a msonkho a 1379 a kuno ku Yorkshire a Walker alimo. Koma nthawi imeneyo n'kuti zigayo zoyendera madzi zitayamba kale kumenya nsalu ndi nyundo zamatabwa. Mapazi anapuma, dzina linapitirira kwa ana ndi zidzukulu zimene sizinalowepo m'chibesenimo.

Apa m'pamene pandikhudza. Munthu ankaima tsiku lonse m'mkodzo wonunkha, miyendo itazizidwa, sankadziwa kulemba, palibe anajambula nkhope yake. Lero dzina lake lili pamapaketi m'sitolo iliyonse, pazitseko za maofesi, ndipo ambiri olinyamula amaganiza ngati ine, kuti ndi woyenda basi.

Kenako anandifunsa za langa. Mfunda wathu ndinawauza bwinobwino, koma dzina la papasipoti ndi la agogo aamuna, limene bambo analembetsa atayamba sukulu. Chifukwa chimene anawatchulira choncho sindinafunsepo, ngakhale ndinakula nawo pakhomo pamodzi, ndikuwapatsira madzi osamba. Ndinangoti kukamwa yasa. Agogo achizunguwo anadikira, kenako belu la chipinda china linalira, ndinanyamuka.

M'basi pobwera ndinatsegula WhatsApp kuti ndiwafunse azakhali, poti ndi okhawo atsala odziwa zakale. Ndinalemba, ndinafufuta. Nkhani yotere siyofunsa palamya ngati ukufunsa mtengo wa feteleza. Komanso kumudzi kunali kutada kale.

Madzi azizira. Mawa ndilowa 7 koloko, ndipo sindikudziwa ngati agogowo adzakumbukire kuti anandifunsa.