Namgumi wa ku Hermanus ndi ngongole ya alamu anga

Mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Cape Town atandiitana mu Seputembala, ananditenga kukaona anamgumi ku Hermanus, tauni ya m'mphepete mwa nyanja yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera mumzindawo. Ine ndinavomera mosazengereza, chifukwa munthu amene anakwerapo boti ku Siavonga pa Kariba n'kubwerako wamoyo sayembekezera kuti madzi ena angamuopseze. Kanema wa ulendowo anajambula ndi mwanayo, ndipo pobwerera kuno anandiikira pa fulashi. Sindinavutike kumuonera ndekha, popeza zimene zinali mmenemo ndinali nditaziona ndi maso anga.

Loweruka lina ndinaitana anthu kunyumba kwathu ku Chilenje: apongozi anga aakazi amene anali atabwera kuchokera ku Katete, alamu anga, aneba, ndi akulu awiri a mpingo. Amake ana anaphika nkhuku ya kumudzi ndi chibwabwa chotendera. Titasamba m'manja, ndinaimirira pafupi ndi TV, rimoti ili m'dzanja, n'kuyamba kuwaphunzitsa.

Ndinawauza kuti anamgumi a mtundu umene ndinaonawo amachoka kumadzi ozizira a kum'mwera kwenikweni kwa dziko n'kufika kugombe la South Africa cha mu Juni, ndipo amakhala mpaka cha mu Novembala pofuna kuberekera m'malo abata. Wamkulu amatalika mamita 15, ngati minibasi zitatu zondondozana pa Kulima Tower, ndipo amalemera kuposa matani 40, ngakhale kuti alibe mano ndipo amangosefa tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi. Apongozi anamvetsera mwachidwi, kenako anafunsa kuti, “Nanga atate, nsomba yotereyi mukaiyanika, mudzi ungadye mpaka liti?” Ndinawayankha mwaulemu kuti namgumi si nsomba, chifukwa amapuma mpweya ndipo amayamwitsa mwana wake, ndiponso kuti maganizo oterowo ndi amene anatsala pang'ono kuwamaliza. Alenje a pa sitima ankawakonda chifukwa amasambira pang'onopang'ono pafupi ndi gombe, ndipo akaphedwa amayandama. Mtundu umenewu unayamba kutetezedwa mu 1935, ndipo kuyambira mu 1986 mayiko ambiri anagwirizana zosiya kupha anamgumi pochita malonda, koma popeza wamkazi amabereka mwana mmodzi pa zaka pafupifupi zitatu, kuchulukanso kwawo kumachedwa.

Apa mawu anga anakwera, chifukwa nkhaniyi inandikhudzadi. Ndinafotokoza kuti masiku ano anamgumi amakodwa m'zingwe ndi maukonde a asodzi, ena amagundidwa ndi sitima, ndipo ena amapezeka atafa mimba zili zodzaza ndi mapulasitiki. Ndinakumbutsa aneba, amene amataya zinyalala m'ngalande mvula ikayamba, kuti madzi a mu Ngwerere amathira mu Chongwe, Chongwe amathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amakathera m'nyanja ya mchere ku Mozambique, kotero kuti kukhala kutali ndi nyanja sikutichotsera mlandu. Pomaliza ndinawonjezera, mwina mosafunikira, kuti namgumi atayandikira boti lathu azungu ena anachita mantha, koma ine ndinawalimbitsa mtima.

Kanema anayamba bwino. Nyanja inali yabiriwira, mapiri akuoneka patali, ndipo woyendetsa boti ankafotokoza kuti lamulo la kumeneko sililola boti lopanda chilolezo kuyandikira namgumi kupitirira mamita 300, ngakhale kuti namgumiyo payekha palibe amene angamuletse kubwera. Posakhalitsa mutu waukulu wakuda, wokhala ndi zipsera zoyera zokhakhala, unatuluka pambali penipeni pa boti. Chinyamacho chinapuma mwamphamvu, nthunzi inakwera m'mwamba mogawikana pawiri, ndipo mphepo inaibweretsa yonse kumaso kwathu ndi fungo lake la zam'madzi zowola. Anthu m'nyumba anawomba m'manja.

Pamenepo kamera inatembenuka. Panaoneka mwamuna wina wovala jekete lopulumutsira moyo atagona chafufumimba pansi pa benchi, atakumbatira mwendo wa mayi wina wachizungu amene ankapitiriza kujambula zithunzi mosatekeseka. Mwamunayo ankafuula m'chinenero chimene m'botimo ankachimva ndi mwana wake yekha: “Mayo ine, ndafera kwa eni! Ambuye, ine si Yona, simunanditume kulikonse! Mukandibweza ku Lusaka, ndalama za alamu zija ndikabweza zonse, zilipo, ndinangonama kuti penshoni sinatuluke!”

Mantha amafufuta zinthu m'mutu, pakuti mawu amenewo sindinkawakumbukira ngakhale pang'ono. Ndinadina rimoti kuti ndizimitse, koma chala chinagwera pa batani lokweza mawu, ndipo lonjezo lachiwiri, lonena za chakhumi chimene ndinali nditadumphitsa kuyambira pa Isitala, linamveka mpaka kumsewu. Magetsi, amene kwathu kuno amazima nthawi iliyonse imene munthu akuwafuna, tsiku limenelo anayaka mokhulupirika mpaka kanema anatha, kuphatikizapo gawo limene mwana wanga akuseka mpaka kamera kugwedezeka, namgumi n'kumira mwakachetechete ndi mwana wake pambali.

Akulu a mpingo anayang'anizana, mmodzi n'kutsokomola. Aneba anafunsa mofatsa ngati mayi wachizungu uja ndi mmodzi wa amene ndinawalimbitsa mtima. Apongozi, amene mwamwambo sayenera kuseka mkamwini pamaso, anadziphimba kumutu ndi chitenje, koma mapewa awo ankaoneka kuti akugwira ntchito. Alamu anga okha ndi amene sanaseke. Anamaliza kaye kupukuta m'manja, kenako anati, “Alamu, nyama imeneyi itetezedwe ndithu, ndipo ine ndidzakhala woyamba kusonkha. Zimene ndalephera kukutulutsani m'kamwa chaka chonse, iyo yakutulutsani ndi mpweya umodzi.” Atatero anapempha amake ana kuti awatumizire kanemayo pa WhatsApp, n'kundifunsa ngati ndingakonde kuti abwere Lolemba m'mawa kapena tipitire limodzi ku banki.