Ululu wa thole pothena ndi pochotsa nyanga: zimene madokotala a ziweto amanena

Alimi a ng'ombe za mkaka kuno ku Mzuzu, monga a ku Lusangazi ndi ku Doroba, amakonda kuchotsa nyanga za mathole aakazi kuti akadzakula asamabayane m'khola kapena kuvulaza wokama, pamene anzathu a ku Mzimba amathena mathole aamuna kuti adzafatse pokoka ngolo ndi khasu la ng'ombe. Ntchito ziwirizi n'zofunika, ndipo sindikunena kuti zilekeke. Chimene ndimatsutsana nacho ndi mawu amene timawamva kawirikawiri pakhola, akuti thole silimva kuwawa kwenikweni chifukwa likangomasulidwa limadzuka n'kukayamwa.

Madokotala a ziweto ambiri masiku ano sagwirizana ndi maganizo amenewa. Iwo amafotokoza kuti ng'ombe ndi nyama imene m'chilengedwe imasakidwa ndi zilombo, choncho imabisa ululu kuti isaoneke yofooka. Thole limene lawotchedwa pophukira nyanga silingalire kwambiri, koma munthu woyang'anitsitsa amaona kuti likupukusa mutu, likugwedeza makutu pafupipafupi, likukhula mutu pamtengo wa khola, ndipo likuyamwa mopereweza. Ofufuza a ku University of California, Davis anapeza mu 2018 kuti bala lowotchedwa ndi chitsulo limatenga pafupifupi milungu 9 kuti lipole, ndipo nthawi yonseyo malowo amapweteka akakhudzidwa.

Ngakhale madokotalawo sanayambe ndi maganizo amodzi. Kafukufuku amene Huxley ndi Whay anachita mu 2006 pakati pa madokotala a ng'ombe a ku Britain anasonyeza kuti madokotala aakazi ndiponso amene anali atangomaliza kumene maphunziro ankaona ululu wa ng'ombe kukhala waukulu kusiyana ndi mmene anzawo akale ankauonera. Ichi chimandipatsa chiyembekezo, popeza tsopano dziko lathu likuphunzitsa lokha madokotala a ziweto ku yunivesite ya LUANAR, ku Bunda, ndipo achinyamata amenewa akuphunzira za ululu kuyambira m'kalasi.

Njira imene amalimbikitsa si yovuta kuimvetsa. Asanawotche nyanga, dokotala amabaya lidocaine pakati pa diso ndi pophukira nyangayo, pamene pamadutsa mtsempha wonyamula ululu, ndipo malowo amachita dzanzi m'mphindi zochepa. Vuto ndi lakuti mphamvu ya lidocaine imatha pakapita maola awiri kapena atatu, ululu n'kubwerera, n'chifukwa chake amawonjezera jakisoni wina monga meloxicam, amene amachepetsa kutupa ndi kuwawa kwa tsiku limodzi kapena awiri. Thole lolimbana kwambiri amaligonetsa ndi xylazine, koma mankhwala amenewa ng'ombe imafuna ochepa zedi, ndipo si oti mlimi azibaya yekha. Mayiko ena anafika poika zimenezi m'malamulo. Ku New Zealand, kuyambira pa 1 October 2019, kuchotsa nyanga popanda mankhwala oletsa ululu ndi mlandu, ndipo ku Britain lamba wa mphira wothenera amaloledwa popanda mankhwala m'masiku 7 oyambirira okha a moyo wa thole.

Kuno zinthu zili mosiyana, ndipo mlimi amene angafunse kuti ndalama ya mankhwalawo ichokera kuti sakulakwa. Dokotala weniweni sapezeka wamba, ntchito yambiri imagwiridwa ndi alangizi a ziweto amene amayenda mitunda italiitali, ndipo botolo la mankhwala ndi lodula kwa munthu amene ali ndi thole limodzi pachaka. Komabe pali langizo limodzi la madokotala limene silifuna ndalama, ndilo lakuti ntchitoyi ichitike thole likadali laling'ono. M'miyezi iwiri yoyambirira kanyanga kamakhala kali pakhungu chabe, kasanalumikizane ndi chigaza. Ikapita nthawi imeneyo nyanga imamera pafupa, ndipo thole likafika miyezi 6 kapena kupitirira, mphako ya m'chigaza imayamba kulowa m'nyangamo, kotero kuti kudula kumasiya dzenje lotuluka magazi ambiri limene m'nyengo ya mvula ya kuno ntchentche zimaikiramo mazira. Kuthena nakonso kuli chimodzimodzi: Burdizzo, chitsulo chothenera chimene chimapana mitsempha ya machende osang'amba khungu, pa thole la milungu yochepa ndi yopepuka poyerekeza ndi kugwetsa nkhunzi ya chaka ndi theka ndi zingwe. Alimi ena amachedwetsa dala kuti ng'ombe iyambe yakula thupi, koma ululu ndi chiopsezo cha bala zimakula limodzi nayo.

Pa nkhani ya mtengo, ine ndikuona kuti yankho lili m'magulu osonkhanitsa mkaka, amene ali kale ndi chizolowezi chogulira zinthu pamodzi. Botolo limodzi la lidocaine limakwanira mathole angapo, popeza pa nyanga iliyonse pamalowa mamililita ochepa chabe. Gulu litasankha tsiku limodzi pamwezi loti mlangizi ayendere mathole onse obadwa kumene m'deralo, ndalama ya mankhwala ndi ya mafuta a njinga yamoto ingagawidwe pakati pa alimi ambiri, ndipo tsiku lomwelo mlangiziyo angaone michombo, kufunsa ngati thole linayamwa mkaka woyamba m'maola oyambirira, ndi kuyang'ana nkhupakupa zimene zimabweretsa chigodola.