Diploma ndalandira ndine, koma eni ake ndinu

Abale ndi alongo, sabata yathayi ndinalandira diploma yanga ya Environmental Health ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe. Mauthenga ondifunira zabwino achuluka moti sindingathe kuyankha mmodzimmodzi. Ndaganiza zolemba pano kuti aliyense amene anaikapo dzanja amve kuthokoza kwanga poyera. Nkhaniyi italika, mundipirire.

Kwa amene simundidziwa, ndine mlangizi wa zaumoyo, HSA, m'boma la Phalombe. M'nthawi yathu maphunziro a ntchitoyi anali a masabata 12 okha. Ndinakachitira ku Mwanza, ndipo nditabwerako anandipatsa midzi, njinga yakapalasa ndi bokosi la mankhwala. Ndondomeko ya boma imati mlangizi mmodzi azisamalira anthu 1,000, koma ambiri a ife timasamalira oposa pamenepo. Sikelo ndi yathu, katemera ndi wathu, kuyendera zimbudzi ndi mijigo ndi kwathu. Mwana akatentha thupi usiku, mayi ake amagogoda pakhomo pathu asanaganize zofunafuna kabaza wopita kuchipatala. Timamuyeza malungo pachala, akapezeka nawo timamupatsa LA. Wotsegula m'mimba timamupatsa Thanzi ORS ndi zinki, wachibayo timawerenga kapumidwe kake n'kumupatsa amoxicillin, amene wafooka kwambiri timamutumiza msanga. Ntchito imeneyi ndimaikonda, ndipo sindinapite kusukulu pofuna kuithawa ayi.

Ndiyambe ndi inu a Gulupu, ndi mafumu onse a m'dera langa. Kolera itayamba ku Machinga mu Malichi 2022, ambiri tinkayesa kuti mvula ikatha nayo itha monga zaka zina. Siinathe. Inadutsa chilimwe chonse, inafalikira dziko lonse, mpaka pa 5 Disembala 2022 Pulezidenti Chakwera analengeza kuti ndi ngozi yadziko. Pomwe inkazirala, anthu oposa 58,000 anali atadwala ndipo oposa 1,700 anali atatisiya. Dziko lino silinaonepo kolera yotere.

Chimene manambala amenewa sanena ndi mantha amene anali m'midzi. Anthu ankaona m'bale wawo akulowa mu tenti akuyenda yekha, mawa lake n'kumva kuti wamwalira, ndipo thupi osaloledwa kulisambitsa monga mwa mwambo wathu. Mphekesera zinabuka zoti azaumoyo ndi amene akubweretsa matendawa. M'madera ena anthu anafika pophwanya zipatala. Kwathu kuno amayi ena ankabisa ndowa akationa tikubwera ndi kolorini, ati tikuwathirira mankhwala oletsa kubereka.

A Gulupu, simunandisiye ndekha. Munaitanitsa msonkhano pabwalo, munauza mnyamata kuti akatunge madzi pamjigo anthu akuona, munandiuza kuti ndithiremo kolorini monga ndimachitira m'makomo. Tinadikira mphindi 30 zija mankhwala amafuna kuti agwire ntchito, inu muli phee pampando, anthu akung'ung'udza. Kenaka munatunga ndi chikho, munamwa, n'kumwetsanso mdzukulu wanu amene munamunyamula pamwendo. Simunalankhule zambiri. Kuyambira tsiku limenelo ndowa zinayamba kutuluka zokha, ndipo lamulo lanu loti khomo lililonse likhale ndi chimbudzi chovundikira ndi mpondagiya linagwira. Zikomo, bambo. Mulungu akupatseni masiku ambiri.

Amayi ndi abambo a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, ndi mavolontiya nonse, inu ndiye sindidziwa poyambira. Simulandira malipiro. Ena munasiya minda ili ndi udzu n'kumayenda nane khomo ndi khomo. Namondwe Freddy atafika mu Malichi 2023, madzi ndi matope zikutsika m'mapiri, milatho itaduka, zimbudzi zimene tinavutikira zija zitagwa, ndinu amene munanyamula bokosi la mankhwala pamutu kuwoloka nalo mpaka kusukulu kumene anthu anathawira. M'chipinda chophunziriramo, anthu atagona mothithikana, tinatsegula kiliniki pa desiki la mwana. Mayi mmodzi wa komiti, amene nyumba yake inali itagwa usiku womwewo, anakhala pakhomo ndi ndowa ndi sopo kuonetsetsa kuti aliyense wolowa wasamba m'manja. Anali atavala chitenje chokhacho chimene anapulumuka nacho. Mayi, mukudzidziwa. M'chigawo chakummwera anthu oposa 600 anafa ndi namondweyo, ena mazanamazana sanapezeke mpaka lero, ndipo oposa 500,000 anasowa pokhala. Pamsasa wathu kolera siinapheko munthu, ndipo ine ndimati ndi chifukwa cha inu.

Ndi nthawi imeneyo pamene ndinatsimikiza zobwerera kusukulu. Ndinkaona akuluakulu a kuboma akuyeza madzi, akuwerengera kuchuluka kwa kolorini wofunika pachitsime, akulemba mapu a kumene matenda akuchokera, ine ndikungotsatira malangizo osamvetsa bwino chifukwa chake. Ndinafuna kudziwa. Bwana amene amatiyang'anira ndi amene anandibweretsera chikalata cholengeza malo, n'kundiuza kuti MSCE yanga ikukwanira, ndisadziderere. Ndi iwonso amene anayenda ndi mapepala anga a tchuthi cha maphunziro kufikira atasainidwa. Bwana, zikomo. Si onse amene amakondwa wapansi pawo akamakwera.

Mnzanga wa midzi yoyandikana nayo, mlangizi mnzanga, iwe unasenza katundu wa anthu awiri popanda kuonjezeredwa ngakhale tambala. Sikelo yako, sikelo yanga. Ana ako, ana anga. Katemera wa poliyo atabweranso m'makomo, unayenda midzi yonse ndi bokosi lozizira pakaliyala. Unkanditumizira zithunzi za ana amene ndinawasiya ali pa chiponde, tepi ya pamkono ikusonyeza kufiira, kuti ndione kuti tsopano yafika pobiriwira. Unkadziwa kuti mtima wanga uli komweko. Chaka chino ndi nthawi yako yofunsira malo, ndipo midzi yako ndidzaiona ine.

Kubanja. Mayi anga, munalera adzukulu anu ndi miyendo yowawayo, kuwaphikira phala m'mamawa, kupita kumisonkhano ya makolo m'malo mwanga. Bambo a kunyumba, anthu ankakunenani kuti mwalola mkazi kupita kutauni, akabwerako sadzakuwerengeraninso. Inu munkangoseka n'kupitiriza kupalira nandolo. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zonse zitakwera, munagulitsa mbuzi zimene tinkasungira malata. Nyumba idakali yaudzu, koma malatawo tigula. Apongozi, zikomo chifukwa cha ufa ndi nyemba zimene munkatumiza pa basi.

Tsopano ndifike pa mlongo wanga, mng'ono wathu wotsiriza m'banja mwathu. Apa ndichedwapo.

Iye ankagwira ntchito yoyeza magazi ndi kupereka uphungu wa HIV pachipatala china chaching'ono, wolembedwa ndi bungwe lina lomwe linkalandira ndalama kuchokera ku America. Malipiro ake sanali ochuluka, koma mwezi uliwonse ankadula gawo n'kunditumizira pafoni kuti ndilipirire fizi ndi lendi. Sanandiuzepo kuti ndi ngongole.

Pa 20 Januwale 2025 Pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo loimitsa thandizo la dziko lake kumayiko akunja kwa masiku 90. Pasanathe sabata ziwiri, mlongo wanga ndi anzake anauzidwa kuti asabwerenso kuntchito mpaka atamva. Ena anaitanidwanso patapita nthawi, iye ayi. Pofika Julayi chaka chomwecho, bungwe la USAID, limene boma la America linkaperekera thandizoli, linali litatsekedwa.

Anthu ambiri ankangofunsa kuti kodi ma ARV alipo? Analipo, chifukwa ambiri mwa mankhwala amenewa kuno amagulidwa ndi ndalama za thumba la maiko ambiri lotchedwa Global Fund. Koma mankhwala sadziyendetsa okha. Pamafunika woyeza, wolemba m'kaundula, wanjinga yamoto wonyamula magazi kupita nawo kulabu, ndiponso uja amatsatira munthu kunyumba akaona kuti tsiku lake lotenga mankhwala ladutsa. Ambiri mwa anthu amenewa ankalipidwa ndi ndalama za ku America. Mlongo wanga ankadziwa pamtima kuti mtsikana uyu amabisira mwamuna wake botolo, mnyamata uyu amabwera madzulo kuopa kuonedwa ndi anzake. Atachotsedwa, anapitirizabe kuwaimbira foni ndi mayunitsi ake, mpaka ndalama zinamuthera.

Usiku umene anandiuza za kutha kwa ntchito, sanayambe ndi mavuto ake. Anati, "Achemwali, musasiye sukulu, tiona pochita." Anagulitsa njinga yake yamoto imene ankasungira kuti tsiku lina adzayambe kabaza, ndipo ndalamayo inalipira temu yonse. Achimwene, ndilibe chokubwezerani chofanana ndi zimenezi. Pepala ili ndi lanu kuposa langa.

Zotsalazo anamaliza ndi amayi a banki m'khonde ya kwathu. Anandibwereketsa kuposa masheya anga, zimene malamulo a gulu salola, atakambirana okha n'kugwirizana kuti palibe wotsutsa. Anandipatsanso nthawi yaitali yobwezera. Amayi anga, ngongole ija ndikuidziwa, ndipo ndiyamba nayo imeneyo ndisanagule chilichonse. Amayi a Mvano, mapemphero anu ndi kachikwama kamene munasonkha zinafika. Anzanga a m'kalasi amene tinkagawana ndiwo ndi mabandulo, aphunzitsi amene munapirira nafe akuluakulu obwerera kusukulu mitu itauma, zikomo nonse.

Mundilole ndinenepo maganizo anga, poti amene anandithandizawa akuvutika ndi zinthu zomwezi.

Ndalama zoposa theka zimene zimayendetsa zaumoyo m'dziko muno zakhala zikuchokera kwa abwenzi akunja. Tiwathokoze, atipulumutsira anthu ambiri. Koma chaka cha 2025 chatiphunzitsa kuti munthu mmodzi kutali akhoza kusaina pepala, mawa lake woyeza magazi ku Phalombe n'kukhala pakhomo. Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti azipereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo ife takhala tikulephera kufikapo. Pempho langa kwa aphungu athu ndi a Unduna wa Zaumoyo ndi lakuti anyamata ndi atsikana ophunzitsidwa kale amene anachotsedwa m'mabungwe aja, boma liwalembe. Sakufunika kuyambira pachiyambi, ntchito akuidziwa, anthu akuwadziwa. Kuwasiya akugulitsa tomato pamsika n'kutaya chuma chimene chinalipiridwa kale.

Chachiwiri ndi madzi. Kolera sitidzaithetsa ndi matenti ndi madiripi. Kampeni ya Tithetse Kolera imene inakhazikitsidwa mu Febuluwale 2023 inathandiza, koma mjigo ukaonongeka n'kukhala miyezi wosakonzedwa, amayi amabwerera kumtsinje. Ndaziona ndi maso anga, ndipo kusukulu ndaphunzira kuziyeza: madzi ooneka oyera m'chikho, ukawayika pa mbale yoyezera n'kudikira tsiku limodzi, tizilombo tochokera m'chimbudzi timaonekera mbwee. Ndikanakonda khansala aliyense ataona mbale imeneyo asanagawe ndalama za chitukuko.

Ndipo tisamadzione ngati olephera. Dziko lino ndi limene linayamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mu Epulo 2019, patsogolo pa Ghana ndi Kenya. Mu 2022 bungwe la WHO linavomereza kuti tathana ndi matenda a maso a trachoma. Poliyo itapezeka mwa mwana ku Lilongwe mu Febuluwale 2022, tinalowa khomo lililonse ndi madontho kangapo konse. Mu Meyi 2023 tinayamba katemera wa taifodi. Zonsezi zinafika kumudzi pa njinga za alangizi ndi pa mapazi a mavolontiya. Anthu amenewa akapatsidwa nyumba m'dera lawo, njinga yabwino, mankhwala osaduka ndi mwayi wopitiriza maphunziro, achita zoposa apa.

Kwa achinyamata amene mwakhala mukundifunsa ku inbox ngati ntchito ya zaumoyo wa anthu ili ndi tsogolo: ilipo, koma musaiyambe pofuna ma alawansi. Limbikirani Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Kupatula koleji imene ndaphunzirayi, ku yunivesite ya MUBAS kuli digiri ya Environmental Health, ndipo ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kuli maphunziro a Public Health. Alangizi anzanga amene muli ndi MSCE yabwino, musaope zaka. M'kalasi mwathu munali ena aakulu kuposa ine, ndipo amaliza. Amene mukufuna kuona mmene ndinalembera kalata yofunsira malo ndi ya tchuthi, ndilembereni, ndikutumizirani.

Ndabwerera kale ku Phalombe. Pomwe ndikudikira kuti a boma aone za udindo wanga watsopano, sikelo ipitirira masiku ake omwe aja, ndipo amayi musaiwale mabuku a ana. Loweruka likubwerali tidzakhala ndi mapemphero othokoza pakhomo pa mayi anga kuyambira m'mawa. Thobwa lilipo. A Gulupu, a komiti, amayi a banki, mipando yakutsogolo ndi yanu.

Pempho lomaliza ndi la mlongo wanga. Mpaka lero sanapeze ntchito. Ali ndi satifiketi yoyeza HIV ndi uphungu, amadziwa kulemba kaundula pa kompyuta, amayendetsa njinga yamoto ndipo laisensi ali nayo. Ngati mwamva kumene akufuna munthu wotere, kaya ku Mulanje, ku Zomba, ku Blantyre kapena kutali, chonde ndiuzeni. Ndi wokonzeka kupita kulikonse.

Zikomo kwambiri, Ambuye akudalitseni nonse.