Mathithi amene anabala mzinda wa Paterson

Anzanga, lero ndinali ku Great Falls, mumzinda wa Paterson ku New Jersey, m'dziko la America. Phokoso lake, ngakhale amene waima naye pafupi sukumumva! Pamenepa mtsinje wa Passaic umagwa mamita 23.

Mzindawu sunangomera wokha ayi. Mu 1791 Alexander Hamilton, nduna ya zachuma ya America panthawiyo, ndi anzake anakhazikitsa kampani yofuna kugwiritsa ntchito mphamvu ya madziwa, ndipo mu 1792 anayamba kumanga, n'kukumba ngalande zopatutsa madzi kuti azikazunguza makina. Poyamba zinavuta ndithu: pofika 1796 ntchito yowomba thonje inaima. Koma pambuyo pake kunabwera mfuti za Colt, injini za sitima, kenako silika wochuluka mpaka mzinda kutchedwa Silk City. Mu 1913 antchito a silika ananyanyala ntchito pafupifupi miyezi isanu.

Nyumba zanjerwa za mafakitale zija zilipobe, ndajambula zingapo.